Fayilo ya mnzanu ikukana kusinthidwa pa seva? Musathamangire 777

Achimwene, mwafunsa kuti bwanji pa seva ya Linux ya muofesi mwanu, munthu mmodzi akasunga fayilo anzake amangotha kuitsegula koma kuisintha imakana, ndipo wina wakuuzani kuti mungomenya chmod 777 (chmod ndi lamulo losintha zilolezo za mafayilo ndi mafoda). Musatero ayi. 777 imapatsa aliyense wokhala ndi akaunti mphamvu yofufuta chilichonse, komanso mawa lomwe wina akasunga fayilo yatsopano, vuto lija libwereranso.

Gwero lake ndi umask, nambala yomwe imanena zilolezo zimene fayilo yatsopano imanidwe. Pa makina ambiri imakhala 022, ndiye fayilo yatsopano imabadwa ndi 644: mwini wake yekha ndi amene alembe, enanu muzingowerenga. Mankhwala ake ndi gulu. Pangani gulu limodzi ndi groupadd ofesi, mulowetsemo aliyense ndi usermod -aG ofesi motsatana ndi dzina lake, kenako chgrp -R ofesi pa foda yonseyo kuti mafayilo onse akhale a gululo. Mafoda muwapatse chmod 2775. Ka 2 kakutsogoloko ndi setgid, kamachititsa kuti chilichonse chosungidwa mkatimo chitenge gulu la foda, osati la amene wasunga. Koma apa mpamene ambiri amagwa: setgid imangopereka gulu, siipereka chilolezo cholemba. Muwonjezere setfacl -d -m g:ofesi:rwx pa fodayo kuti gulu lizitha kulemba mʼmafayilo atsopano. Ngati mumalowa kudzera pa Samba (pulogalamu yogawana mafoda ndi makompyuta a Windows), mu fayilo yake ya smb.conf muike force group = ofesi ndi force create mode = 0664. Anthu atuluke nʼkulowanso, apo ayi gulu latsopanolo silidzagwira.

Ngati mumalowa kudzera pa NFS, njira ina yogawana mafoda pa netiweki, nkhani yake ndi ina. NFS ikakhala pa sec=sys (njira yake ya masiku onse yozindikirira anthu) siyang'ana mayina, imayang'ana manambala. Pa Ubuntu munthu woyamba amapatsidwa UID (nambala ya akaunti) 1000, pa Mac 501. Choncho malaputopu awiri a Ubuntu, ina ya akauntanti ina ya mlembi, seva imawaona ngati munthu mmodzi. Lembani id pa kompyuta iliyonse muone manambala, muwagwirizanitse ndi a pa seva, a gulu omwe.

Mukadabwa kuti sudo chown (lamulo losintha mwini wa fayilo ndi mphamvu za root, akaunti yolamulira kompyuta yonse) ikukana pa foda ya NFS pa laputopu yanu, ndi root_squash imeneyo, imasandutsa root wa kunja kukhala nobody, akaunti yopanda mphamvu ya nambala 65534. Ena adzakuuzani muike no_root_squash kuti muzimitse chitetezo chimenechi. Ine sindingavomere, chifukwa aliyense wodziwa sudo pa laputopu yake adzakhala bwana wa mafayilo onse. Za chown kachitireni pa seva penipeni.

Za malipiro a antchito musaziphatikize mʼfoda yomweyo. Zikhale ndi gulu lakelake, foda yake 2770.