Sikiriniyo musagule kaye, yambani mwayesa driver

Achimwene, mwati sikirini ya laputopu yanu yayamba kuphethiraphethira chipangireni update sabata yatha, ndipo wokonza wina m'tauni wakuuzani kuti mugule ina. Ndalamayo ibagwirani kaye. Poti vutoli layamba update itangotha, ine ndikukayikira driver, kapulogalamu kamene kamalumikiza Windows ndi mbali yotulutsa zithunzi ija.

Dinani Ctrl, Shift ndi Esc pamodzi kuti Task Manager, windo loonetsa mapulogalamu amene akugwira ntchito, itseguke, kenako muyang'anitsitse. Task Manager ikamaphethira limodzi ndi zina zonse, kawirikawiri ndi driver. Ikakhala phee pamene zinazo zikuvina, pali pulogalamu ina imene munaika posachedwa, ichotseni. Yesaninso batani la Windows, Ctrl, Shift ndi B nthawi imodzi. Mumva kakulira, sikirini ida pang'ono n'kubwerera. Pamenepo driver yadzutsidwanso, ndipo nthawi zina nkhani imathera pomwepo.

Zikapitirira, dinani Windows ndi X, mulowe mu Device Manager, mutsegule Display adapters. Muona dzina la Intel, AMD kapena NVIDIA, mwinanso awiri. Dinani dzinalo ndi batani lakumanja la mbewa, pitani pa Properties, kenako Driver, musankhe Roll Back Driver kuti ibwerere pa yakale imene inkagwira bwino. Batanilo likakhala lotuwa losadinika, sankhani Uninstall device, muchonge kabokosi kochotseratu driver, muzimitse n'kuyatsanso. Windows iika yake yokha. Ngati ikuphethira moti simukuona n'komwe podina, gwirani Shift podina Restart mulowere ku Safe Mode, kumene Windows imayaka ndi zinthu zofunikira zokhazokha, muchitire kumeneko.

Driver yatsopano mukatenge pa webusaiti ya kampani imene inapanga laputopuyo, nambala ya model ili kunsi kwake. Timapulogalamu taulele tolonjeza kukonza ma driver onse tija tisiyeni. Komanso mafayilowa amakhala akuluakulu, pezani Wi-Fi, bandulo ya pafoni ingakuthereni zosakutha.

Ine zinandionekera ndikukhala ku Rosettenville, kuno ku Joni, koma yanga sinali driver. Ndinataya Loweruka lathunthu ndikuchotsa ndi kuika, mpaka mkazi wanga anandifunsa kuti bwanji imasiya ndikaweramitsa chivindikiro pang'ono. Anali waya wodutsa m'mahinji, unali utayamba kuduka. Ndiye inunso tsegulani ndi kutseka chivindikirocho pang'onopang'ono muone ngati kuphethirako kukusintha. Lumikizaninso laputopuyo ku TV ndi waya wa HDMI: TV ikamaonetsa bwinobwino pamene ya laputopu ikuphethira, kayikirani waya kapena sikiriniyo. Chimodzimodzi ikamaphethira mukangoyatsa, chizindikiro cha kampani chili pa sikirini Windows isanalowe, popeza pamenepo driver imakhala isanayambe ntchito.

Mukafika poipititsa kwa wokonza, muuzeni ayambe wayesa waya inu muli pomwepo, ndi wotchipa kuposa sikirini. Kuno ku Joni kusiya laputopu n'kudzaitenga mawa ine sindilola, ndipo mafayilo anu muyambe mwakopera pa flash.