Tiana ta ng'ona tanuto tikuzizidwa, achimwene

Achimwene, mwafunsa chifukwa chomwe tiana ta ng'ona tomwe mukuweta kuno ku Harare sitikukula. Musataye ndalama pa mankhwala, tiana tanuto sitikukula chifukwa cha kuzizira basi. Zomwe mwawerenga za ma caiman, nyama zonga ng'ona za ku Brazil ndi Argentina zija, n'chimodzimodzi ndi ng'ona zathu za mu Zambezi, thupi lake silidzitenthetsa lokha, madzi akakhala pa madigiri 30 mpaka 32 zimadya n'kumakula, akatsika pansi pa 25 zimayamba kukana chakudya ndipo nyama yomwe zadya kale imangokhala m'mimba osagayika.

Ine zinandionekera pa famu ina kunja kwa Harare konkuno, mwezi wa Juni, kuzizira kwake mukukudziwa, kuno si kotentha ngati ku Kariba kapena ku Binga. Magetsi anathima cha m'ma 9 usiku, ndithamangire ku jenereta, dizilo mulibe olo dontho. Abwanawo ndinali nditawauza kawiri sabata yomweyo, iwo amvekere ng'ona ndi nyama yolimba, mumtsinje muli hita ngati? Usiku wonse ndinkawiritsa madzi pa nkhuni n'kumathira m'madziwe ndi ndowa, ndekhandekha, manja atachita dzanzi, ndikamathira dziwe lachitatu loyamba lija lazizira kale. Kutacha ndinapeza tiana titaunjikana pakona, tina pamwamba pa tinzake, tili duu, kutigwira tozizira ngati mwala, tapansi titafa kale. Ndinkatitola kamodzikamodzi misozi ikutuluka, tinali tiana tomwe ndinkatidyetsa ndekha chiswereni. Totsalato tinatenga masabata osadya bwino, tinapinimbira, mutu waukulu kathupi kowonda, pomwe tinzake ta m'shedi ina yofunda tinatisiya kutali.

Pakutha pa mwezi munthuyo anandidula malipiro ati ndinagona pa ntchito. Ine kugona! Mpaka lero ndikakumbukira mtima umawawa, munthu woumira pa dizilo koma chikopa cha pamimba pa ng'ona akufuna chigulidwe ndi madola.

Kunena zoona Harare si malo oweterako ng'ona, ndikanakhala inu ndikanasiya. Komabe poti mwayamba kale musagwe mphwayi, zimatheka ndithu, tsekani shedi yonse ndi pulasitiki, ikani giza ya sola, thermometer muziviika m'madzi 5 koloko m'mawa osati masana. Musatenthetsenso mopitirira 34, kumeneko zimavutikanso. Jenereta musamaidalire, koma dizilo azikhalamo nthawi zonse, ndipo pepala la chilolezo la ZimParks, bungwe la boma loyang'anira nyama zakutchire, likhale m'manja musanawonjezere tina.