Funsani Dokotala: Kodi ma steroid amachiritsa mkono wa woponya baseball?

Adokotala, ndimakhala ku Indiana, ku America. Mwana wanga wa zaka 16 ndi woponya mpira mu timu ya baseball ya kusukulu kwawo. Akatha gemu chigongono chimamuwawa, ndipo ndamumva akuuza mnzake kuti akatswiri amabaya ma steroid kuti mkono uzichira msanga. Kodi ndi zoona? Mtima suli m'malo.
Mayi wodandaula

Mayi, mwachita bwino kutchera khutu. Zoti akatswiri ena ankabaya ndi zoona. Mu 2007 lipoti la George Mitchell, yemwe kale anali phungu wa nyumba ya malamulo ya ku America, linatchula osewera oposa 80 okhudzidwa ndi mankhwala otere, kuphatikizapo woponya wotchuka Roger Clemens, ngakhale iye anakana ndipo mu 2012 khoti linamupeza wosalakwa pa mlandu wonama ku nyumba ya malamulo. Jenrry Mejía, woponya wa timu ya New York Mets, anagwidwa ndi mankhwalawa katatu, mpaka mu 2016 analetsedwa kusewera. Masiku ano mu ligi yaikulu ya baseball ku America wogwidwa koyamba amakhala panja magemu 80.

Woponya safuna thupi la onyamula zitsulo. Amaponya mipira pafupifupi 100, ina pa liwiro loposa makilomita 150 pa ola, ndipo pakangotha masiku anayi kapena asanu akufunikanso pabwalo. Chimene amasaka m'mankhwalawa n'choti kutopa kuzitha msanga.

Koma mwana wanu amve ichi. Mkati mwa chigongono muli kamtsempha kamene kamagwira mafupa awiri kuti asatagasuke poponya. Ma steroid amakulitsa minofu, koma kamtsemphako sikakhwima nawo limodzi. Zili ngati kumanga ng'ombe zonenepa pangolo ndi luzi lakale. Kakaduka, ndiye opaleshoni imene amaitcha Tommy John, ndipo munthu amatha chaka kapena kuposa asanaponyenso. Ululu umene akumvawo ndi chenjezo loti kamtsemphako kapena fupa lomwe likukulabe lalemedwa, ndipo jakisoni sangakonze zimenezo.

Pa zaka 16 ngozi imakula. Mankhwalawa amatha kutseka mafupa asanamalize kukula, mwana n'kupinimbira. Amakweza BP, amawononga mtima, ndipo a mapiritsi monga stanozolol amapweteka chiwindi. Ma steroid amatsanzira testosterone, homoni ya chimuna imene thupi limapanga lokha. Thupi likaona testosterone wochokera kunja limasiya kupanga wake, motero umuna umachepa ndipo mawere amatha kutupa. (Prednisolone amene timapereka pa mphumu amatchedwanso steroid, koma ndi mtundu wina, musamuope.)

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi nkhani ya Taylor Hooton wa ku Plano, Texas. Anali woponya wa timu ya kusukulu ngati wanuyu. Anadzipha mu 2003 ali ndi zaka 17, atangosiya ma steroid, ndipo bambo ake anakafotokoza izi ku nyumba ya malamulo mu 2005. Munthu akasiya mankhwalawa mwadzidzidzi, maganizo amatha kumulemera koopsa kwa milungu kapena miyezi.

Choncho khalani naye pansi mumufunse mofatsa, osamukalipira. Onani ngati watuluka ziphuphu zambiri kumsana, ngati wanenepa mofulumira, ngati akupsa mtima ndi zazing'ono. Akavomera kuti anayamba kale, asasiye payekha: mupite naye kwa dokotala, ndipo muzimuyang'anira usana ndi usiku. Ngati sanayambe, ayambe waleka kuponya mpaka dokotala wa mafupa ataona chigongonocho, ndipo mukawauze aphunzitsi ake a timu sabata yomwe ino.