Filimu ya mtsikana woomba ng'oma ndi mikono ya malaya

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa bambo wina amene akugwira ntchito ku Johannesburg. Ndaifupikitsa, koma mfundo yake ndi iyi: "Kalekale ndinaonera filimu yachaina muvidiyo pa Lunzu. Munali mtsikana wosaona amene ankavina n'kumaomba ng'oma ndi mikono ya malaya ake, kenaka kunabuka ndewu m'nsungwi. Dzina sindinaligwire. Ndikufuna ndiigule pachimbale kuti ndikaonere ndi akazi anga ndikapita kumudzi pa Khirisimasi, koma iwo akuti mafilimu achaina ndi zibakera zokhazokha. Ndi filimu yanji, nanga ndigule yotani?"

Achimwene, filimu yanu ndi House of Flying Daggers ya Zhang Yimou, imene inatuluka mu 2004. Mtsikanayo ndi Zhang Ziyi, mufilimumo amatchedwa Mei. Amene ankaponya nyemba pang'oma kuti iye amve pomwe yagunda n'kuombapo ndi Andy Lau, ndipo mnyamata amene anathawa naye m'nkhalango ndi Takeshi Kaneshiro. Nkhaniyo anaiika m'chaka cha 859, ufumu wa Tang wa ku China utayamba kuvunda. Amuna awiriwo ndi akuluakulu a asilikali a boma, ndipo akupangana zoti mmodzi anamizire kumuthawitsa Mei m'ndende kuti awatsogolere kumene kwabisala gulu la zigawenga zoponya mipeni. Chonamizira chija n'chimene chikusanduka chenicheni. Zinsinsi zina za Mei ndazisiya dala, ndingawaonongere alamu.

Alamuwo kawauzeni kuti ku Japan filimu yomweyi anaitulutsa ndi dzina loti Lovers, kutanthauza okondana. Mipeni sanaitchule n'komwe.

Komabe sindiwadabwa. Ife tonse tinakulira mavidiyo a m'zisakasa, tikulipira khobidi pakhomo n'kukhala pabenchi la thabwa, ndipo chimene tinkatsata chinali Bruce Lee ndi Jackie Chan. Amenewo ndi mafilimu a kung fu: munthu ali chifuwa pamtunda, nkhonya ndi mateche, aphunzitsi aphedwa, wophunzira akukabwezera. Yanuyi ndi ya mtundu wina, umene eniake amautcha wuxia. "Wu" ndi luso la nkhondo, "xia" ndi ngwazi yoyendayenda yoteteza oponderezedwa. Anthu ake amanyamula malupanga, amavala mikanjo yaitali, amathamanga pamadenga ndi pansonga za mitengo ngati alibe thupi. Kuulukako amachita kuwamangirira mawaya, kenaka mawayawo n'kuwafufuta pachithunzi. Dziko limene amakhalamo amalitcha jianghu, "mitsinje ndi nyanja", dziko la anthu osamangika ku boma koma omangika kwambiri ku malumbiro awo. Nkhanizi zinayambira m'mabuku, ndipo olemba ake monga Jin Yong ndi Wang Dulu ankadziwa bwino kuti lupanga lokha silingasunge wowerenga. Jin Yong ali ndi nkhani imene okondana awiri akulekanitsidwa zaka 16, ndipo anthu a ku Hong Kong ndi ku China aibwereza pakanema kambirimbiri.

Chimene chimandikoka ine ndi chakuti m'mafilimu amenewa chikondi sachinena. Munthu ali ndi ngongole kwa aphunzitsi ake, kwa gulu lake, kwa mnzake amene anamwalira, ndiye pakamwa pamakhala potseka. Zimene pakamwa pakulephera, thupi ndilo limanena, ndipo nthawi zambiri limanenera m'ndewu momwemo. Taonani bwino ndewu ya m'nsungwi imene mukuikumbukirayo. Asilikali ali m'mwamba akugwetsa nsungwi zosongola ngati mvula, koma kamera imangobwerera kwa awiri aja, kuti wagwira dzanja la mnzake ndani, wadziika patsogolo ndani. Mnyamata amene anatumidwa kudzanama tsopano akupha asilikali a mbali yake. Palibe pamene waima n'kunena kuti ndakukonda, koma ife oonera tadziwa kale.

Ngati mukufuna kuwagonjetseratu alamu, gulaniponso Crouching Tiger, Hidden Dragon ya Ang Lee, ya mu 2000, imene inalandira mphoto zinayi za Oscar. Ine ndimaiika patsogolo pa yanuyi. House of Flying Daggers ndi yokongola mochititsa kaso, koma kumapeto imachita kunyanya, anthu akufa osafa. Ya Ang Lee ndi yodekha. Mufilimumo Chow Yun-fat ndi Michelle Yeoh ndi anthu achikulire amene akondana kwa zaka zambiri osauzana, chifukwa mkaziyo anatomeredwa ndi mnzake wapamtima wa mwamunayo, ndipo mnzakeyo anafa ukwati usanachitike. Kwathu kuno ena akanangoti nkhani yaphweka, alowe chokolo. Kwa iwo ulemu wa malemuwo ndiwo mpanda. Pali pena akumwa tiyi awiriwiri, mwamunayo atenga dzanja la mkaziyo n'kuliika patsaya pake kwa kanthawi kochepa. Basi. Mufilimu yonse yodzaza malupanga, malo amene ndimabwererako kawirikawiri ndi amenewo.

Apa ndiye pakubwera funso lanu lachiwiri, ndipo nditsindika chifukwa chimbale cholakwika chimapha zomwe ndafotokozazi.

Choyamba, pa ulendo uno musatenge yomasuliridwa ndi a DJ. Musandimve molakwa, anyamata omasulira mafilimu m'Chichewa ndimawakonda, andiseketsa kosawerengeka, ndipo agogo anga sakanatsata filimu iliyonse popanda iwo. Koma DJ amaopa bata. Pamene awiri angoyang'anana, iye amaona mpata woti aponyepo nthabwala, ndipo pa tiyi paja mudzangomva "akuluwa akuchita manyazi" anthu n'kufa ndi phwete. Yomasuliridwa m'Chingelezi nayonso ili ndi vuto lake: mawu a anthu ena aikidwa pamilomo ya anthu ena, ndipo kunjenjemera kwa mawu a Michelle Yeoh kumatayika. Funani chimbale chimene chili ndi chinenero chake chenicheni, Mandarin, ndi mawu a Chingelezi olembedwa m'munsi. Kumbuyo kwa chikuto amalemba. Ngati alamu savutika kuwerenga, zatha. Ngati amavutika, inuyo khalani DJ wawo, koma wodziwa pokhalira chete.

Chachiwiri ndi chithunzi. Mafilimu awiriwa anawajambula motambalala, 2.35:1, n'chifukwa chake pakanema pamatsala mizere yakuda m'mwamba ndi m'munsi. Mizereyo si chilema. Matepi a VHS ndi zimbale zambiri zakale ankadula m'mbali kuti chithunzi chidzaze kanema wa bokosi uja, ndiye pafupifupi theka la chithunzi linkatayika. Pamene Zhang Yimou waika mwamuna mbali ino, wina mbali inayo, mkazi pakati, inu mumangoona mkaziyo ndi timapewa tiwiri. Pachikuto pakalembedwa "widescreen" tengani, pakalembedwa "full screen" bwezani pashelefu.

Ine ndinaphunzira movutika. Ndinagula pamsika chimbale cha mafilimu 8 m'chimodzi, chithunzi chake chochita timabokositimabokosi, nsungwi zobiriwira zija zitasanduka phala. Choipitsitsa, filimu inathera pakati pa ndewu yomaliza, ina n'kuyamba. Ndewu imeneyo ndi ya m'chipale chofewa, ndipo ili ndi mbiri yake: anakaijambulira ku Ukraine, chipalecho chinagwa msanga mosayembekezeka ali pakati pa ntchito, Zhang Yimou n'kungoganiza zochigwiritsa ntchito. N'chifukwa chake ndewu imayamba masamba ali achikasu n'kutha dziko lonse litayera mbee. Zimenezi pafulashi ya obena, pamene filimu aifinya kuti ikwane pafoni, simungazione bwino.

Kenaka pali nkhani ya zigawo, imene ikukukhudzani inuyo makamaka. Ma DVD anawagawa m'zigawo ndi manambala. South Africa ili m'chigawo 2 pamodzi ndi Ulaya ndi Japan, pamene Malawi ili m'chigawo 5. America ndi 1, Hong Kong ndi 3, China ndi 6. Mapleya ambiri otchipa a m'misika yathu salabadira manambalawa, amangoliza chilichonse, koma a makampani otchuka ena amakana. Ndiye funsani kunyumba kuti pleya ilipoyo ndi yanji, kapena mugule pleya komweko n'kuyeseratu musananyamuke. Blu-ray ndiyo yosavuta: Africa yonse ndi Ulaya zili m'chigawo B, ndiye ya ku Britain idzalira. Ya ku America kapena ku Hong Kong ndi A, ndipo ngati ndi yokhoma siilira. Dziwaninso kuti ya ku Britain ya House of Flying Daggers anaidula pang'ono pamene mahatchi akugwa, chifukwa cha malamulo awo oteteza nyama. Nkhani siisokonekera.

Mukapeza VCD m'mashopu a katundu wogwiritsidwapo kale, muidziwe khalidwe lake. Filimu imodzi imakhala pazimbale ziwiri, ndipo zambiri za ku Hong Kong zinkaika Cantonese ku sipika imodzi, Mandarin ku inzake. Mukapanda kusankha mbali parimoti, mumamva zinenero ziwiri zikulankhulira pamodzi ngati pamsika. Ndikutchula izi chifukwa alamu akakopeka mudzafuna zina, ndipo zakale zabwino zinachokera ku Hong Kong, m'Cantonese. Ya 1993 yotchedwa The Bride with White Hair, ya Leslie Cheung ndi Brigitte Lin, ndi ya mkazi amene tsitsi lake likuyera nthawi imodzi ataona kuti mwamuna wake wamukayikira. Imeneyo ili ndi magazi ndi zina zosayenera ana, muidikire agone.

Pa Khirisimasi pakhale dongosolo ili: tsiku loyamba Crouching Tiger, lachiwiri yanu ya ng'oma ija. Muonere usiku, chifukwa ndewu yoyamba ya Ang Lee ndi ya pamadenga mumdima, ndipo masana kuwala kwa pazenera kumaimeza. Alamu musawauziretu kuti akita afa kapena safa.