Kodi mapesi a chimanga angasanduke mafuta a galimoto?

Bambo wina wa ku Kasungu wandilembera kalata pa imelo ndi funso ili: popeza nzimbe zimatulutsa mafuta osakaniza ndi petulo, n'chifukwa chiyani mapesi ndi zitsononkho, zomwe timatentha m'minda chaka chilichonse, sizigwiritsidwa ntchito chimodzimodzi?

Bambo, n'zotheka ndithu, koma mapesi ndi ouma mutu kuposa nzimbe. Mafuta amene mukunenawo ndi ethanol, ndipo kuno kwathu amapangidwa ku Dwangwa ndi kampani ya EthCo kuyambira mu 1982, komanso ku Chikwawa ndi kampani ya PressCane. Makampaniwa amagwiritsa ntchito molasesi, madzi akuda onata amene amatsala shuga akapangidwa. Shuga wotsalira mu molasesi amakhala womasuka kale, kotero kuti yisiti ikathiridwamo imamudya mosavuta n'kutulutsa mowa, ndipo mowawo amautcheza monga mmene amatchezera kachasu, kungoti pamapeto amauchotsa pafupifupi madzi onse, chifukwa ethanol wamadzi sasakanikirana bwino ndi petulo.

M'mapesi namonso muli shuga wambiri, koma ndi womangika. Analukana m'timaulusi tolimba totchedwa cellulose, ndipo timaulusito tinakutidwa ndi lignin, chinthu chomwe chimalimbitsa phesi kuti liime chilili ngakhale kuwombe mphepo. Yisiti siingathe kuboola chikuto chimenechi. Ng'ombe ndi chiswe zimakwanitsa kudya mapesi chifukwa zimathandizidwa ndi tizilombo ting'onoting'ono timene timamasula shugayo, koma fakitale imayenera kugwira ntchitoyi payokha: kupera mapesi, kuwaphika ndi nthunzi kapena asidi, kenako kuthiramo mankhwala otchedwa ma enzyme odula timaulusi tija, yisiti isanayambe n'komwe ntchito yake. Gawo lililonse limadya ndalama ndi magetsi, ndipo kuphikako kukapitirira muyezo kumatulutsa zinthu zofooketsa yisiti yomweyo.

Ngakhale mayiko olemera avutika nazo. Kampani ya DuPont inatsegula fakitale yaikulu yopanga ethanol kuchokera ku mapesi m'tauni ya Nevada, m'chigawo cha Iowa ku America, mu 2015, koma inaitseka mu 2017. Ku Brazil zikuyendako bwino, makamaka chifukwa kampani ngati Raízen zimagwiritsa ntchito makoko a nzimbe amene ali kale pafakitale. Mfundo imeneyi ndimaiona kuti ndi yaikulu kwambiri kwa ife, pakuti mapesi athu ndi opepuka, amadzaza galimoto msanga, ndipo ndi omwazikana m'timinda tambirimbiri, moti mafuta okawatutira akhoza kudya phindu lonse ntchito isanayambe.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi nthaka. Mapesi si zinyalala ayi. Akasiyidwa m'munda amasunga chinyezi, amateteza nthaka ku mvula yokokolola, ndipo akawola amabweza chonde, n'chifukwa chake alangizi a zaulimi amalimbikitsa kuphimbira m'malo motentha. Ena amadyetsa ziweto m'chilimwe. Ndikanakhala inu, mapesi ndikanawasiya m'munda, koma zitsononkho, makoko a mtedza ndi mankhusu a mpunga, zomwe zimaunjikana kale pakhomo kapena pachigayo, ndikanaziwotcha mumgolo wosalowa mpweya wambiri, n'kuzipera, kuzisakaniza ndi phala la chinangwa ndi kuumba makala ophikira. Zimenezi gulu la alimi likhoza kuyamba chaka chino chomwe, mukangomaliza kutonola chimanga.