Kodi mababu a LED amapulumutsadi mayunitsi?

Achemwali, mwafunsa ngati mababu a LED amapulumutsadi mayunitsi kapena ndi nyambo chabe ya ogulitsa. Amapulumutsadi, ndipo mutha kuwerengera nokha.

Yuniti imodzi imene mumagula ku ESCOM imatha chinthu cha ma watts 1,000 (1,000W) chikayaka kwa ola limodzi. Ndiye tengani babu lakale lija la kawaya m'kati, la 60W. Mukamaliyatsa maola 5 tsiku lililonse, pakutha pa mwezi ladya mayunitsi 9. La LED la 9W limawala chimodzimodzi, koma pamwezi silikwanitsa n'komwe yuniti imodzi ndi theka. Babu lakalelo mphamvu yake yambiri, pafupifupi 90 peresenti, imathera ku kutentha osati kuwala. Paja oweta nkhuku amawothetsera anapiye.

Pomwe ambiri timaluzira ndi pa getsi la panja loyaka usiku wonse. La 100W likamayaka maola 12, pamwezi mayunitsi 36 apita, pomwe la LED la 15W limadya 5 ndi pang'ono. Ngati ndalama sizikukwana kusintha nyumba yonse, yambani ndi limenelo, kenako pabalaza. La ku bafa lingadikire.

Ma energy saver opotana aja ali pakatikati, lowala ngati la 60W lija limadya cha m'ma 14W. Koma m'kati mwake muli mercury, yemwe ndi poizoni, ndiye likasweka tsegulani mawindo, ana asatole magalasiwo.

Pogula musangoona ma watts. Yang'anani pabokosi nambala ya ma lumens, ndiyo ikuuzeni kuwala kwake. Cha m'ma 800 ndiye lofanana ndi la 60W lakale. Bokosi likapanda nambala imeneyi ine sindigula, ngakhale mtengo utsike bwanji, chifukwa otchipa kwambiri aja sachedwa kuyamba kuthwanima. LED yabwino imatha maola 15,000 kapena kuposa, pomwe lakale limathera cha pa 1,000. Onaninso ngati holder yanu ndi ya mapini kapena yopotokola, mungabwerere nalo ku sitolo.

Koma mukasintha onse mayunitsi n'kumathabe msanga, mababu musawanamizire. Mbale imodzi ya kuka ya 1,500W pa ola limodzi imadya zoposa zimene babu la LED la 9W lija limadya mwezi wathunthu. Muyang'ane kumeneko, ndi ku ayironi ndi giza.