ZiF ya ku Bielefeld inayamba bwanji? Kuyankha imelo ya mchemwali wina

Mchemwali wina amene akupanga masters wanditumizira imelo, akuti supavaiza wake watchula za ZiF ya ku Germany, ndiye akufunsa kuti chimenechi n'chiyani, chinayamba liti, komanso ngati n'zoona kuti munthu wa masamu ndi wa ndale angakhale pansi n'kumvana pa kafukufuku mmodzi. Achemwali, ndayankhira pano kuti enanso apindule.

ZiF ndi chidule cha Zentrum für interdisziplinäre Forschung, malo amene akatswiri a maphunziro osiyanasiyana amafufuzira limodzi. Inakhazikitsidwa mu 1968, pomwe yunivesite yake ya Bielefeld inatsegulidwa mu 1969, ndiye mukuona kuti ZiF ndi imene inali mbewu, yunivesite inamera pambuyo. Amene anabwera ndi maganizowa ndi Helmut Schelsky, katswiri wa sociology amene anatsogolera pulani ya yunivesite yatsopanoyo, iyeyu sankafuna zoti dipatimenti iliyonse izingodzitsekera m'kachipinda kake osadziwa zimene anzawo akuchita kuseri kwa khoma. Poyamba ankakumanira m'nyumba yachifumu ya ku Rheda, kenako mu 1972 anasamukira kumalo awoawo m'mphepete mwa nkhalango ya Teutoburg.

Koma chimene chimandigwira mtima ine si nyumbazo ayi, ndi kachitidwe kake. Samangoitana anthu ku msonkhano wa masiku awiri aliyense awerenge pepala lake, adye, akwere ndege azipita. Gulu limabwera kudzakhala miyezi yambiri, kale mpaka chaka chathunthu, kugona konko m'nyumba za pamalopo, kumwa tiyi limodzi, kukangana lero mawa n'kuyambiranso. Norbert Elias, katswiri wina wa sociology, anachita kukhala pamenepo kuyambira 1978 mpaka 1984.

Pa funso lanu loti amamvana kapena ayi, tamverani iyi. Mu 1987 mpaka 1988 Reinhard Selten, wa zachuma, anatsogolera gulu la game theory (masamu ofufuza mmene anthu amasankhira zochita poganizira zimene anzawo achite) lomwe munali a biology, a zachuma, a ndale ndi a masamu. Mmodzi mwa iwo anali Elinor Ostrom wa ku America, katswiri wa maphunziro a ndale, ndipo anagwira ntchito ndi Franz Weissing wa biology pa nkhani ya alimi a nthirira. Funso lake linali ili: ngalande ndi imodzi, madzi mukugawana mosinthana, nanga chimamuletsa n'chiyani mnzako kutenga madzi oposa amene akuloledwa pomwe palibe mlonda wolembedwa ntchito? Amene munakhalapo pafupi ndi sikimu ya mpunga mukuidziwa mikangano imeneyi. Ostrom ndi Weissing anaika m'masamu mmene mlimi amene akudikira nthawi yake yothirira amakhalira maso pa mnzake amene akuthirira, chifukwa madzi akabedwa woluza ndi iyeyo. Wa ndale yekha sakanakwanitsa masamuwo, wa biology yekha sakanadziwa za alimiwo. Selten anadzalandira Nobel mu 1994, Ostrom mu 2009.

Kumvana kwake sikubwera msanga, mawu omwewo wa zachuma amatanthauza china wa biology china, n'chifukwa chake ndimati chimene Schelsky anapereka kwenikweni ndi nthawi yokwanira yoti anthu aphunzire chilankhulo cha anzawo. Ndiye pa zolemba zanu za masters achemwali, musangolemba zaka zokha, tengani gulu limodzi ngati la Selten mulitsate kuti munali ndani ndipo anatulutsa chiyani.